Galimoto Imanena Ntchito ya Mwini Wake

Pulogalamu ya lero ikukamba za galimoto zokoka ndi matayala onse anayi, zija ambiri amangoti 4x4, komanso za anthu a mumzinda wa Blantyre amene amazisintha kuti zipirire misewu ya komwe amagwira ntchito.

Loweruka m'mawa, magalaja a ku Ginnery Corner, ku Makata, ku Ndirande ndi kuseri kwa msika wa Limbe amalandira alendo amtundu wina. Pakati pa maminibasi ndi timagalimoto ta hayala pamaima Land Cruiser yoyera ya mlongoti wautali pabampala, Hilux yofiira ndi dothi la ku Thyolo mpaka m'magalasi, Nissan Patrol, Ford Ranger, ndipo mwa apo ndi apo Land Rover yakale yomwe inaona ulamuliro wa a Kamuzu. Eni galimoto zotere sakonda kusiya makiyi n'kubwerera kwawo. Amakhala pomwepo, wina atagwada kusuzumira kunsi kwa galimoto ya mnzake, wina akugogoda bampala kuti amve kukhuthala kwa chitsulo. Anthu osadziwana amayamba ndi za matayala: ndi saizi yanji, munagula kuti, ayenda mtunda wotani. Nkhaniyo isanathe, mmodzi amafunsa kuti kodi achimwene mumagwira kuti. Mafunso awiriwa amayendera limodzi, pakuti tayala lomwe munthu wasankha, kutalika kwa galimoto yake ndi zomwe wamangirira padenga, zonse zimachokera ku ntchito imene imamudyetsa.

Blantyre ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo yazingidwa ndi mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe. Misewu ya phula imatuluka mbali zonse: wa ku Zomba, wa ku Thyolo ndi Mulanje mpaka ku Muloza, wa ku Zalewa ndi Mwanza, wa ku Chikwawa ndi Nsanje. Koma ntchito zambiri zimayambira pomwe phula wathera. Chipatala chaching'ono chili kutali ndi msewu waukulu, nsanja ya foni ili pansonga ya phiri, mjigo ukukumbidwa pakati pa mudzi, nandolo ali m'matumba ku Phalombe. Ngakhale mumzinda momwemu, wokhala ku Machinjiri, ku Chilobwe kapena kumtunda kwa Bangwe akudziwa momwe mvula ya Januwale imakumbira misewu yolowera m'makomo.

Galimoto yoyamba kutchuka pa maulendo otere inali Land Rover, yomwe inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu 1948. M'masiku a Nyasaland ndi m'zaka zoyambirira za ufulu, ndiyo inkanyamula ma DC, apolisi, alangizi a zaulimi ndi amishoni. Thupi lake la aluminiyamu silichita dzimbiri, n'chifukwa chake zina zikuyendabe, ngakhale chasisi yake yachitsulo imafuna kuiyang'anira. Defender yachikale anasiya kuipanga mu Januwale 2016, ndipo pofika nthawi imeneyo Toyota inali italanda kale bwalo. Dzina la Land Cruiser linayamba mu 1954, Hilux inatuluka mu 1968, ndipo mtundu wa 70 Series, wa mu 1984, ndi womwe Amalawi amauona tsiku ndi tsiku ngati ambulansi ya chipatala cha boma kapena galimoto ya bungwe.

Amakanika akale amaitamanda kwambiri injini ya 1HZ, ya dizilo, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, yomwe inayamba kuikidwa mu Land Cruiser mu 1990. Ilibe turbo, siyendera kompyuta, ndipo pampu yake ndi ya makina wamba. Siithamanga, pachitunda imakwera pang'onopang'ono, koma imapirira dizilo wosayera kwenikweni, ndipo ikazima kutchire munthu wa masipanala ndi nzeru amaidzutsa. Hilux ndi Ranger zatsopano, zomwe zambiri zimachokera ku mafakitale a ku Durban ndi ku Pretoria, zili ndi injini za common rail. Izi n'zamphamvu ndipo sizimwa mafuta ambiri, koma ma injector ake amadana ndi madzi ndi tizinyalala. Dziko lino linaona mizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, ndipo yabwereranso kangapo kuyambira mu 2022. Mafuta akasowa, woyenda kumudzi amakakamizika kugula a m'zigubu, osadziwa kuti chigubucho chinasungapo chiyani dzulo. Motero chinthu choyamba chomwe odziwa amalangiza mwini galimoto yatsopano n'chosaoneka ndi maso a anthu odutsa: fyuluta yachiwiri ya dizilo, yolekanitsa madzi, yomangidwa mkati mwa boneti. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa ma injector anayi.

Pa matayala ndi pomwe mkangano umatalika. Pali a phula, pali a all-terrain omwe amayenda ponseponse, ndiye pali a matope, a zidindo zikuluzikulu. Woyang'anira minda ya tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje, yemwe miyezi ya mvula amaithera pa dothi lofiira loterera, ali ndi chifukwa chomveka chogulira a matope. Koma wogwira ntchito ku ofesi ya pa Victoria Avenue, yemwe amapita kumudzi pa Khirisimasi ndi pamaliro pokha, akawagula amangodzigulira phokoso pa Masauko Chipembere Highway. Matayala amenewa amatha msanga paphula, amawonjezera kumwa mafuta, ndipo mvula ikagwa sagwira phula bwino ngati anzake.

Kukulitsa tayala nakonso kuli ndi masamu ake. Tayala lolembedwa 265/65 R17, lomwe limabwera ndi Hilux zambiri, ndi lalitali mamilimita pafupifupi 776. Wina akaika la 265/70 R17, kutalikako kumafika pa mamilimita 803. Galimoto yakwera ndi mamilimita 13 okha, koma wotchi ya liwiro yayamba kunama: ikamaonetsa 100, galimoto ikuyenda makilomita oposa 103 pa ola. Wapolisi wa kamera pa msewu wa ku Zalewa amawerenga liwiro lenileni. Dalaivala wa bungwe, yemwe amalemba makilomita m'buku la ulendo, amapezanso kuti mtunda wolembedwa ukuchepa pomwe mafuta akupita ambiri, ndipo a kuofesi ya zachuma amafuna adziwe chifukwa chake.

Ndiye pali kukweza galimoto. Ambiri amakweza ndi mainchesi awiri, omwe ndi mamilimita pafupifupi 50, poika masipuling'i ndi ma shock ena. Mayina omveka m'magalajamu ndi Old Man Emu, Ironman ndi Tough Dog, onse ochokera ku Australia, dziko lomwe lili ndi misewu yafumbi yaitali kwambiri. Kampani ya ARB, mwini wa Old Man Emu, inayamba ku Melbourne mu 1975. Chomwe achinyamata ambiri sadziwa n'chakuti pa galimoto ya ekiselo yolimba ngati Land Cruiser 79, kukweza masipuling'i kumakweza thupi lokha. Difu imatsala pomwe inali, ndipo mwala womwe unkaigunda udzaigundabe pokhapokha tayala litakula. Pa Hilux ndi Ranger zatsopano, zomwe matayala akutsogolo amayenda palokhapalokha, kukweza mopitirira kumapinda ma CV joint, malabala ake n'kung'ambika, girizi n'kutuluka. Ndipo galimoto iliyonse ikakwera, kugubuduzika kumayandikira.

Anthu ena amakweza pa chifukwa chomveka bwino, ndipo chifukwacho ndi katundu. Katswiri wokonza nsanja za foni za TNM kapena Airtel amanyamula mabatire olemera ndi migolo ya dizilo wa jenereta kukwera nazo phiri. Wa magetsi amanyamula makwerero, mawaya ndi zida. Wokumba mijigo amanyamula mapaipi, simenti ndi pampu. Wogula mbewu amatsika ku Chiradzulu ndi matumba a nandolo kupita nawo ku nkhokwe za ku Limbe, komwe ambiri amatumizidwa ku India. Onsewa amafuna masipuling'i akumbuyo olimba kuti galimoto isakhale pansi ikasenza. Vuto limabwera galimotoyo ikakhala yopanda kanthu: imadumpha pa mabampu, msana wa wokwera n'kumva kuwawa. N'chifukwa chake makanika wabwino, asanatchule mtengo, amayamba wafunsa kuti bwana mumanyamula chiyani, kangati pa mwezi, ndipo mumapita nazo kuti.

Za padenga zimafuna kusamala koposa. Shelefu yachitsulo imaoneka bwino, ndipo owotcherera a ku Ndirande amaipanga mwaluso pa mtengo wotsika kuposa yochokera ku Johannesburg. Koma denga la galimoto zambiri linapangidwa kuti lisenze makilogalamu apakati pa 75 ndi 100 poyenda, kuwerengera ndi shelefu yomweyo. Chigubu chimodzi cha malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20 kale. Zigubu zinayi, tayala la sipeyala ndi jeke yaitali, malire adutsidwa, ndipo kulemera konseko kuli pamwamba penipeni. Madalaivala akale amaika zolemera pansi, pakati pa ma ekiselo, padenga n'kuikapo matilesi ndi mahema.

(Nyimbo pang'ono)

Omvera, mukaona chipaipi chakuda chokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, chimenecho ndi snorkel. Ntchito yake ndi kukweza pomwe injini imakokera mpweya. M'chilimwe cha ku Chikwawa ndi ku Nsanje, galimoto zikamatsatana pa msewu wafumbi, mpweya wa pamwamba umakhala woyera kuposa wa pafupi ndi tayala, ndipo fyuluta imakhalitsa. Pamadzi chimathandizanso, chifukwa injini ya dizilo ikangomwa madzi, zitsulo zamkati zimapindika nthawi yomweyo. Madzi sapanikizika ngati mpweya.

Koma snorkel yanyenga anthu ambiri. Opanga Hilux amati iwoloke madzi osapitirira mamilimita 700, ndipo opanga Ranger amati 800, ndiponso amanena za madzi odekha, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imakoka madziwo kudzera pa kabowo kake kopumira, oyilo n'kusanduka woyera ngati mkaka, ndipo mwini wake amadzazindikira patapita milungu difu itayamba kulira. Odziwa amalumikiza timapaipi pa mabowo amenewa n'kutikweza m'mwamba, ntchito yotchipa yomwe sioneka kunja. Madzi othamanga ndiye nkhani ina. Ofika masentimita 60 okha amatha kunyamula galimoto yaikulu n'kuitaya kunsi kwa mlatho. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa ndi kuwononga damu la Kapichira. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula phiri la Soche pa Chilobwe ndi kupha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Masiku amenewo, madera ena a ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje sankafikika ndi galimoto ya mtundu uliwonse, ndipo chithandizo chinkapita pa mabwato ndi pa helikopita. Madalaivala omwe anagwira ntchito m'masiku amenewo amalemekeza mnzawo amene anafika pamtsinje, n'kuyang'ana, n'kubwerera.

Msewu wa ku Chikwawa uli ndi phunziro lake lomwe silifuna kugula chilichonse. Kuchoka pamtunda wa Blantyre kutsikira ku Thabwa ndi ku mlatho wa Kamuzu pa Shire, galimoto imatsika mamita mazana ambiri pa makhotakhota. Woponda buleki njira yonse amatenthetsa mapadi mpaka amasiya kugwira. Galimoto yomwe yawonjezeredwa bampala yachitsulo, winchi, batire yachiwiri ndi thanki yaikulu yalemera ndi makilogalamu mazana angapo, koma mabuleki ake ndi omwe aja inabwera nawo. Dalaivala wozolowera njirayi amaika giya yotsika pamwamba pomwe, injini n'kumagwira galimoto. Pali chinanso chomwe ogula kumene ambiri sauzidwa: pa galimoto yomwe 4x4 yake amachita kulowetsa, monga Hilux ndi Land Cruiser 70, kuyenda nayo paphula louma italowetsedwa kumapotokola zitsulo zoyendetsa matayala. Phula likangoyamba, 4x4 ichotsedwe. Chimodzimodzi ndi mpweya wa m'matayala. Pamchenga amauchepetsa kuti tayala litambasuke lisatitimire, koma wobwerera paphula osapopanso amatenthetsa tayala mpaka kuphulika, n'chifukwa chake kapampu ka magetsi ndi kofunika kuposa zokongoletsa zambiri.

Kukoka galimoto yotitimira ndi pomwe anthu amavulala. Winchi ndi yabwino kwa woyenda yekha, monga wa zankhalango kapena woyeza malo, bola pakhale mtengo wolimba womangirirapo. Koma ambiri amakokana ndi lamba kapena tcheni, ndipo cholakwa chofala ndi kukoleka lambayo pa kampira kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto. Kampirako sikanapangidwire kugwedezedwa mwadzidzidzi. Kakathyoka kamauluka ndi liwiro loopsa, ndipo m'maiko angapo kaphapo anthu atakhala m'galimoto. Kumudzi kwathu galimoto ikatitimira, ana ndi akulu amathamangira kudzaonerera ndi kudzakankha. Dalaivala wanzeru amayamba wawasuntha onse kutali ndi lamba, kenako amatenga khasu n'kukumba kutsogolo kwa matayala. Khasu ndi fosholo zatulutsa galimoto zambiri m'matope a Malawi kuposa winchi.

Pa bampala yachitsulo, ija amati bull bar, m'pofunika kunena mosabisa. Inapangidwira ku madera a Australia komwe galimoto imagunda nyama zakutchire usiku, kutali ndi thandizo. Kwa woyenda usiku m'misewu ya ku Nchalo ndi Ngabu, komwe ng'ombe ndi mbuzi zimadutsa pamsewu, imateteza radiyeta kuti ulendo usathere pomwepo. Koma mumzinda muno chomwe galimoto ingagunde ndi mwana wa sukulu pa Kamba, mayi wosenza dengu pa Limbe, kapena wa kabaza pa Chirimba. Bampala wamba imapindika n'kuchepetsa mphamvu ya kugunda, pomwe yachitsulo sipindika, ndipo mphamvu yonse imalowa m'thupi la munthu. Maiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo pa mabampala olimba otere pa chifukwa chimenechi. Yowotcherera mwachisawawa ikhozanso kusokoneza ma airbag kuti asatuluke pa nthawi yake. Munthu amene galimoto yake sichoka pakati pa Namiwawa, Chichiri ndi Sunnyside alibe chifukwa chokwanira choikira chitsulo chimenechi. Nyali zowala kwambiri za LED nazonso n'zakutchire. Kuziyatsa pa msewu wa Zomba pomwe kutsogolo kukubwera minibasi yodzaza anthu n'kuika miyoyo yawo pachiswe.

Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo ndalama ndi zomwe zasintha macheza a m'magalaja zaka zaposachedwapa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse chochokera kunja, kaya tayala, shock kapena winchi, chinakwera mtengo, ndipo ndalama zakunja zogulira zinasowa. Galimoto zenizenizo zimabwera patali. Zakale za ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, za ku South Africa zimadzera ku Tete n'kulowera pa Mwanza, ndipo zina anthu amagula pa okushoni mabungwe akamagulitsa zomwe zatopa. Izi zapatsa ntchito amisiri a kuno. Mashelefu, zitsulo zotchinga kunsi kwa injini, makanopi, madilowa a kumbuyo ndi zomangira tayala la sipeyala, zonsezi amazipanga ku Ndirande ndi ku Limbe. Lamulo lomwe eni galimoto amauzana n'lakuti chonyamula katundu chipangidwe konkuno, koma chokhudza chiwongolero, mabuleki ndi pokokera galimoto chigulidwe choyesedwa kale ku fakitale.

Macheza akafika apa amakhala atatembenukira kale ku ntchito. Pagulu lotere, wolemekezeka kwambiri nthawi zambiri sakhala mwini galimoto yodula. Amakhala dalaivala wa bungwe kapena wa ambulansi, bambo wa imvi yemwe achinyamata amamuitana kuti madala. Iyeyo wayenda njira ya ku Neno m'dzinja, komwe bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira mu 2007, ndipo wayendanso ku East Bank kulowera ku Fatima ndi Makhanga. Amadziwa mtsinje womwe umadzaza mvula ikagwa kumapiri ngakhale kumunsi kuli dzuwa. Achinyamata amamufunsa momwe analowera ntchito, ndipo yankho limakhala lalitali: laisensi ya gulu loyenera, satifiketi ya MSCE yomwe mabungwe ambiri amafuna masiku ano, maphunziro a kuyendetsa modziteteza, chithandizo choyamba, kulemba buku la ulendo mosadumpha, ndi mbiri yosakhudzidwa ndi nkhani za mafuta. Ena mwa madalaivala otere anakwera n'kukhala oyang'anira galimoto zonse za bungwe. Amanenanso zowawa zake: makontirakiti a chaka chimodzi, polojekiti ikatha ntchito yatha, ndi milungu yambiri kutali ndi ana.

Ena galimoto ndiyo bizinesi yawo. Munthu wopuma pa ntchito amagula Land Cruiser kapena Prado ndi ndalama za penshoni n'kumaibwereketsa kwa ofufuza, kwa mabungwe ndi kwa alendo. Wotereyu amasintha galimoto poganizira wokwera: mipando yabwino, malamba ogwira, batire yachiwiri ya firiji ndi yotchajira mafoni ndi makompyuta, matayala awiri a sipeyala. Operekeza alendo amayang'ana ku Majete, makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzinda, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003. Chipembere chinabwezeretsedwa chaka chomwecho, njovu zinayamba kufika mu 2006, ndipo mikango inafika mu 2012. Nyama zitabwerera, ntchito za operekeza alendo, madalaivala ndi amakanika zinabweranso. Ena amakwera ndi alendo pa phiri la Zomba kukafika ku Chingwe's Hole, ena amawasiya pa Likhubula kuti akwere Mulanje wapansi. Pa macheza omwewa ndi pomwe wina amamva kuti kampani yakuti ikufuna galimoto ziwiri mwezi wamawa, kapena kuti dalaivala wodalirika akusowa ntchito. Ganyu zambiri zimapezeka chonchi, pakamwa ndi pakamwa. Amayi nawonso alipo pa mabwalo amenewa: alangizi a zaulimi, madokotala a ziweto, mainjiniya a misewu ndi eni mafamu omwe amayendetsa okha ndipo amafunsa makanika mafunso olunjika.

Wachinyamata wogwira sipanala pansi pa galimoto m'magalajamu nayenso amamvetsera. Ambiri anayamba ngati otumidwa pagalaja ya amalume, kutsuka zitsulo ndi kupereka zida. Njira ya mapepala ilipo. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, makoleji monga Nasawa ku Zomba ndi Lilongwe Technical College amaphunzitsa umakanika, mayeso a trade test amapereka satifiketi kwa wophunzirira pagalaja, ndipo MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic pa Chichiri, imaphunzitsa uinjiniya. Chomwe chikusintha ndi galimoto zenizenizo. Wodziwa 1HZ yokha adzakhala ndi ntchito kwa zaka zingapo, popeza injinizi sizifa msanga, koma galimoto zomwe zikulowa tsopano zimafuna kachipangizo kowerenga zolakwika pa kompyuta ndi munthu womvetsa mawaya. Amakanika a magetsi a galimoto ndi okonza mapampu a dizilo ndi omwe akusowa kwambiri, ndipo mwini Ranger yomwe yayatsa nyali ya injini amayenda mzinda wonse kufunafuna mmodzi wodalirika.

Chotsalira ndi mapepala, ndipo ambiri amawakumbukira mochedwa. Galimoto inalembetsedwa ku nthambi ya Road Traffic ndi nambala ya injini, nambala ya chasisi, mtundu wa penti ndi chiwerengero cha okwera. Wosintha injini, monga amachitira ena poika ya Toyota mu Land Rover yakale, kapena wosintha penti, ayenera kukakonzetsa zolembazo, apo ayi zidzamuvuta pokonzanso COF, pogulitsa galimoto ndi podutsa nayo pa chipata cha Mwanza kapena Muloza. Injini ndi zipangizo zogula kunja zikhale ndi mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unaperekedwa. A inshuwalansi nawonso auzidwe. Iwo analandira galimoto monga inachokera ku fakitale, ndipo ngozi ikachitika n'kupeza kuti inakwezedwa, inalemetsedwa, kapena imachita hayala pomwe inalembetsedwa ngati ya pakhomo, akhoza kukana kulipira. Bampala, winchi ndi firiji zomwe sizinalembedwe pa pepala la inshuwalansi, zikabedwa kapena kuphwanyika, mwini wake amagulanso ndi ndalama za m'thumba mwake.

Pulogalamu yathu yathera pamenepa.